Apongozi Anga ndi Chithunzi cha M'ndege

Mchemwali wanga wamng'ono amagwira ntchito ku Lilongwe, mu ofesi ya zamapu. Loweruka lina m'mawa, ndikukonza tcheni cha njinga pakhonde, anandiimbira foni n'kundifunsa funso limene poyamba ndinaliyesa nthabwala.

"Achimwene, kwanuko kuli chinthu chimene sichisuntha?"

Ndinamuyankha kuti phiri la Chisi likadali pakati pa nyanja, silinapite kulikonse. Iye anati phirilo analipeza kale, akufuna zinthu za kumtunda kuno, mbali ya Kachulu. Kenako anandifotokozera bwino.

M'chipinda china ku ofesi kwawo munali mabokosi a zithunzi zakale zimene anthu anajambula ali m'ndege, dziko lino lisanalandire ufulu. Ndegeyo inkauluka mowongoka, kupita n'kubwerera ngati munthu wounga mizere, kamera itapenya pansi. Zithunzizo zinakhala m'mabokosimo zaka zambirimbiri, zina mpaka zinayamba kumatana, zina chinyezi chinazidya m'mphepete. Tsopano iye ndi anzake ankazitulutsa chimodzichimodzi atavala magolovesi, kuzipukuta fumbi, n'kuziika pa sikana, makina amene amatenga chithunzi cha papepala n'kuchilowetsa mu kompyuta. Ankafuna kuziika pa intaneti kuti aliyense wopanga mapu, kapena wongofuna kuona mmene dziko linalili, azizipeza mosavuta.

Vuto linali lakuti chithunzi pachokha sichinena malo ake enieni. Kuti chigone bwino pamwamba pa mapu a lero, pamafunika malo angapo amene akuoneka pachithunzi chakalecho ndipo akadalipo mpaka pano. M'tauni zimenezi sizivuta, pali milatho, mphambano za misewu, matchalitchi a njerwa. Koma kuno ku Chilwa nyanja imabwera n'kubwerera, chaka china imauma mpaka anthu kuyenda pansi kukafika ku Chisi, mitsinje imasiya njira yake n'kutsegula ina, ndipo nyumba za masiku amenewo zinali za dothi ndi udzu.

"Ndili ndi chithunzi chimodzi chimene chandikanika," anatero. "Ndikudziwa kuti ndi cha kwanuko, koma ndikachiika pamapu chimangotsetsereka. Mundipezere zinthu zinayi, ngakhale zitatu. Mukaime pamenepo ndi foni, mundituzire malo ake."

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale. Kwathu ndi kumtunda, kupitirira Songani, ndipo kuno ndinabwera ndi ntchito, n'kukwatirako, n'kukhala pachikamwini. Zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikuyenda m'njira za kuno, moti ndinkadziyesa wodziwa dera. Lolemba lake nditaweruka ndinakwera minibasi kupita ku Zomba, ndinakapulintitsa chithunzi chimene ananditumizira pafonicho papepala lalikulu, ndinalikulunga bwino, n'kubwera nalo nditalinyamula m'manja njira yonse kuti lisapindike.

Nditalitambasula patebulo kunyumba, ndinasokonezeka. Linali lotuwa lonse, pena poyera, pena pakuda, ngati phulusa lotayika pansi. Patapita kanthawi maso anayamba kuzolowera. Mbali ina yakuda bii ndinazindikira kuti ndi madzi. Pambali pake panali chigawo chachikulu chooneka ngati ubweya wa bulangete, ndinati iyi ndi njedza, udzu wautali uja wa m'dambo la nyanja. Timizere toyera tokhotakhota tinali njira za anthu. Timadontho takuda tinali mitengo, kalikonse ndi kamthunzi kake. Msewu umene ndimaudziwa panalibe, sukulu yathu panalibe, ndipo mtsinje unali kukhota malo amene ine sindinauonepo ukukhota.

Koma chimene chinandigwira maso ndi china. M'mphepete mwa njedza munali timabwalo toyera mbee, toposa makumi awiri, tina toyandikana, tina patalipatali, kalikonse kali ndi kadontho kakuda pakati kapena pambali. Ndinayamba ndaganiza kuti ndi nyumba zosafolera. Kenako ndinati mwina makola a ng'ombe. Ndinafunsa mchemwali wanga ngati sichinali chinyezi chabe chimene chinawononga pepala, iye anati ayi, timabwalo tomweto tikuonekanso pachithunzi chotsatira, ndiye kuti tinalidi pansi.

Ndinapita nalo pepalalo kusukulu. Aphunzitsi anzanga analizungulira nthawi ya buleki, aliyense ndi maganizo ake. Wina anati ndi manda, wina anati ndi malo opunthira mpunga. Ndinapita nalo kudoko ku Kachulu, asodzi anati mwina ndi malo oyanikira matemba, koma bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde pamenepo anapukusa mutu, anati matemba sayanika kutali ndi doko chonchi. Nditamufunsa kuti nanga n'chiyani, anati iye anabwera kuno ali wamkulu kale, za kalelo sazidziwa.

Madzulo a tsiku limenelo mkazi wanga anandipeza ndikuliyang'anabe.

"Mwazungulira nalo dera lonse," anatero, "koma munthu amene anabadwira pompano mwamudumpha. Bwanji osakafunsa amayi?"

Sindinawadumphe mwangozi. Apongozi anga aakazi ndi munthu wosunga mwambo. Kuyambira tsiku limene ndinalowa m'mudzi uno, ine ndi iwo sitinakhalepo pamkeka umodzi, sitinadyerepo malo amodzi, sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira, mmodzi wa ife ankapatuka, moni tinkapatsana titanjuta, nkhope zitapenya kwina. Nkhani ikakhala yaitali inkadzera mwa mkazi wanga. Mabanja ambiri a kutchalitchi kwathu anasiya zimenezi, koma iwo sanasiye, ndipo ine ndinazolowera, sindinkaona cholakwika. Ndinkadziwa mawu awo, kayendedwe kawo, mpango wawo wa Lamulungu. Nkhope yawo ndinkaidziwa mwapatalipatali.

Tinapita tsiku lotsatira masana. Tinawapeza kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa mtengo wa mango, akusankha mpunga m'lichero. Ine ndinakhala pa kampando chapatali, nditapenya kunkhokwe. Mkazi wanga anatenga pepala n'kukaliika pamkeka pamaso pawo.

Kenako ndinamva akufunsa mwana wawo kuti pepala lakuda chonchi aphunzitsi alitola kuti.

"Auzeni kuti ndi dziko lomweli," ndinatero, "koma mmene imalionera mbalame ikakhala m'mwamba."

Mkazi wanga anabwereza mawuwo ngakhale kuti mayi akewo anali atamva okha.

"Ine sindinakhaleko mbalame," anayankha. "Anthu ali kuti pamenepa? Zitseko zili kuti?"

Ndinafotokoza kuti anthu ndi aang'ono kwambiri, sangaoneke, ndipo nyumba zikuoneka madenga okha. Mkazi wanga anayesa kuwalozera madzi ndi njedza, koma naye ankasokoneza, ankabwera kudzandifunsa, n'kubwerera, n'kuloza pena. Titachita zimenezi kangapo, apongozi anafunsa funso limene aphunzitsi anzanga onse sanalifunse.

"Dzuwa likutulukira mbali iti papepalapa?"

Nditanena, anauza mwana wawo kuti alichotse pamkeka, aliyale padothi, mbali ya madzi ipenye kumene kuli nyanja yeniyeni. Anapsinja ngodya zake ndi miyala inayi. Anaimirira, analiyang'ana ali chiimire, anayang'ana kunyanja, anayang'ananso pansi. Anati ali mtsikana anakwerapo phiri la Chisi kamodzi, ndipo akukumbukira kuti minda inkaoneka ngati zigamba. Kenako anagwada pansi n'kulankhula mosakweza mawu.

"Auze aphunzitsi asendere kuno. Iwe ukungotopa ndi maulendo, ndipo sukudziwa chimene ukuloza."

Mkazi wanga anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Ndinanyamuka, ndinatola kabango kamene kanali pafupi ndi mpanda, n'kukagwada mbali ina ya pepalalo. Maso anga anali papepala, awonso papepala. Ine ndinkaloza ndi bango, iwo anathyola kamtengo ka mango n'kumalozera. Ndinaona dzanja lawo pafupi koyamba, lili ndi chipsera choyera chachitali kuchokera pachala chachikulu kufika pamkono.

Atangolimvetsa, anayamba kuliwerenga pepalalo mofulumira kuposa ine. Anati anajambula m'mawa, chifukwa mithunzi yonse yagwera kumtunda. Anati inali nyengo yokolola itatha, chifukwa minda yayera ndipo madontho akuda aakuluwo ndi malo amene anali atatentha tchire. Anatsata mtsinje ndi kamtengo kawo n'kunena kuti apa ndi pamene unkadutsa chigumula china chisanautembenuze. Nyumba zina anazitchula eni ake, anthu amene ine ndimangowamva m'mayina a zidzukulu zawo.

Ndinaika bango langa pa timabwalo toyera tija.

"Nanga iti, amayi?"

Aka kanali koyamba kuwafunsa chinthu mwachindunji. Anayankhanso mwachindunji.

"Mchere."

Ndinkadziwa kuti madzi a Chilwa ndi amchere pang'ono, aliyense amene anawalawa amadziwa. Koma sindinkadziwa kuti anthu a kuno ankaphika mchere wawo. Apongozi anati inali ntchito ya akazi, nthawi ya chilimwe madzi akabwerera. Dothi la m'mphepete mwa dambo linkatuluka zoyera pamwamba ngati ufa. Ankalipala ndi zigoba za nkhono kapena khasu lotha, n'kuliunjika. Kenako ankatenga mphika woboola pansi, kuyala udzu mkati, kuthiramo dothilo, n'kuthira madzi pamwamba kuti atcheze, monga amachitira ndi chidulo. Madzi odonthera pansiwo ankawaphika tsiku lonse mpaka aphwe, m'mphika mutsale mchere. Dothi lotsala ankalitaya pompo, chaka ndi chaka, mpaka linkapanga kachitunda. Bwalo loyeralo ndi pamene apala, kadontho kakudako ndi chitunda ndi phulusa la moto.

"Banja lililonse linali ndi malo ake," anatero. Kamtengo kawo kanayendayenda, kanaima, kanabwerera, kenako kanakhazikika pa kabwalo kena kakumapeto. "Apa ndi pa amayi anga. Chipsera ichi ndinapsa pamenepa, mphika unasweka uli pamoto."

Mkazi wanga anati chipseracho wakhala akuchiona moyo wake wonse koma ankayesa kuti ndi cha phala. Mayi ake anati sanafunsepo. Mcherewo ankausenza m'madengu kupita nawo kumtunda kukasinthitsa ndi chimanga ndi nandolo. Unatha pamene mchere woyera wa m'sitolo unachuluka, atsikana anayamba kukana utsi ndi dzuwa.

Ndinawafotokozera tsopano chimene mchemwali wanga ankafuna, zinthu zimene zili papepalapa ndipo zikadalipo lero. Anaganiza pang'ono n'kuyamba kuloza. Dontho lina lalikulu lokhala ndi mthunzi wonenepa anati ndi mlambe umene ankatulapo madengu popuma. Kabwalo kena kotuwa anati ndi chulu chachikulu chimene ankakwerapo poyang'ana ngati mabwato akubwera. Kachinthu kena kowala, kamene ine ndinkakayesa chilema cha pepala, anati ndi mwala wafulati umene ankanolerapo makasu.

Panalinso kagulu ka mitengo yothithikana, kali pakokha, kutali ndi nyumba, ndi kanjira kamodzi kopyapyala kolowera pamenepo. Ndinati mwina ndi manda, ndipo manda sasuntha, angatithandize. Ndinalozapo ndi bango langa. Mkazi wanga anawerama kuyang'ana, ananong'onezana ndi mayi ake, onse awiri anaseka chapansipansi.

"Si manda," anatero apongozi. "Pamenepo sipanu, aphunzitsi. Pitirirani."

Ndinapitirira. Kunyumba ndinayesa kumufunsa mkazi wanga, anangoti ndi za akazi, ndipo mitengoyo inadulidwa kalekale. Ndikhoza kungoganizira, koma mpaka lero palibe anandiuza.

Loweruka lotsatira tinanyamuka m'mawa kukafuna zinthu zija. Ine ndinkafuna kupita ndekha atandilongosolera, koma apongozi anati ndikasochera. Anatsogola ndi ndodo yawo, mkazi wanga pakati, ine pambuyo ndikukankha njinga, pepala ndi khasu nditamangirira pakaliyala.

Mlambe sunavute. Ndakhala ndikuudutsa zaka zonsezi popita kumsika, lero pambali pake pali chigayo ndi kagolosale. Ndinaima patsinde pake, ndinatsegula foni, ndinadikira kuti kadontho kosonyeza pamene ndili kakhazikike, n'kutumiza kwa mchemwali wanga. Anthu amene ankadikira pachigayo anatizungulira, ndipo atamva kuti mtengowu uli pachithunzi cha kalekale, ena anayamba kuuyang'ana m'mwamba ngati auona koyamba.

Chulu chinatikhumudwitsa. Tinapeza dzenje lalikulu lokhala ndi madzi obiriwira, anthu anachigumula kuumbira njerwa. Ndinaimbira mchemwali wanga kumufunsa ngati dzenje lingalowe m'malo mwa chulu. Anati nditumizebe, koma sangalidalire kwambiri, chifukwa okumba njerwa satsata pakati penipeni.

Mwala ndiwo unatitengera nthawi. Malo amene apongozi ankanena tsopano ndi minda ya mpunga yokhayokha, yogawidwa ndi timigula, ndipo mpunga unali utakololedwa, kwatsala ziputu. Anayenda uku ndi uku, akuyang'ana kumlambe, akuyang'ana kuphiri la Chisi, akudziyankhula okha m'Chilomwe, chimene amachita akamaganiza kwambiri. Kenako anaima pakati pa munda wina n'kugogoda pansi ndi ndodo.

Ndisanatsitse khasu, mwini munda anatulukira akuthamanga. Anali bambo wa msinkhu wanga, nkhope itakwinyika. Anaona pepala, anaona foni, n'kufunsa ngati tabwera kudzayeza malo ake. Anati anamvapo za anthu obwera ndi mapepala, pambuyo pake munda n'kukhala wa wina. Ndinayamba kufotokoza za ndege ndi intaneti, koma ndinaona kuti ndikungoonjezera mantha ake. Apongozi anamufunsa kuti ndi mwana wa yani. Atatchula mayi ake, iwo anati, "Mayi akowo ndinkawabereka kumbuyo pamwala umene waupondawu. Khasu lako limalira ukafika apa, si choncho?"

Bamboyo anavomera kuti pamenepo mpunga sukula bwino, ndipo khasu limagunda chinthu cholimba, iye ankangolambalala. Anatenga khasu langa n'kukumba yekha. Dothi la matope ouma linali lokwana chikhatho ndi theka, pansi pake panatuluka mwala wotuwa, wosalala. Titaupukuta ndi udzu tinaona timigwere titatu tosalala, pamene makasu ankanoledwa. Bamboyo anagwada n'kuyendetsa chala m'timigweremo. Anapempha kuti ndimuonetse mwalawo papepala, ndipo nditamuonetsa anafunsa kuti nanga munda wake uli pati. Panthawiyo unali njedza yokhayokha. Sanakondwere nazo kwenikweni, anati zimenezi ndisamauze anthu ambiri. Ndinamuuza zoona, kuti chithunzicho chidzakhala poti aliyense achione, koma sichinena kuti munda ndi wa yani. Anaganiza kanthawi, n'kunena kuti mwalawo tisaukwirire, akufuna ana ake adzauone.

Dzuwa linali litakwera, ndinati tibwerere, koma apongozi anati tatsala pang'ono kufika pamchere. Tinayenda chakunyanja mpaka minda inatha. Kutsogolo kunali chidikha chouma chong'ambikang'ambika, ndipo apa ndi apo panali timitunda tating'ono, tosafika m'bondo, topanda udzu pamwamba. Mbuzi zingapo zinkanyambita dothi pa kamodzi mwa timitundato. Ndadutsapo malo amenewo kangapo popita kukagula nsomba kwa asodzi a m'dambo, ndipo sindinadzifunsepo kuti timitundato tinabwera bwanji.

Tinayala pepala pansi n'kuyamba kufananiza. Titatu toyandikana, kenako mpata, kenako tiwiri. Papepala zinalinso chimodzimodzi. Tina tinali titasalazika, koma tambiri tinalipo, pamalo pake penipeni. Apongozi anapita pa kakumapeto, anawerama, anapala dothi ndi chikhadabo n'kuliika palilime. Anandiuza kuti nanenso ndilawe. Linali lamchere, lowawira pang'ono kukhosi. Pambali pake ndinatola kachidutswa ka phale lakuda ndi mwaye.

Ndinaima pa timitunda tinayi tosiyana n'kutumiza malo ake onse. Mchemwali wanga anaimba nthawi yomweyo, anati sanaganizepo kuti timabwalo timene tinkamuzunguza mutu n'timene tidzamuthandize. Anafunsa ngati angalembe m'mafotokozedwe a chithunzicho kuti awa anali malo ophikira mchere, komanso mayina akale a madambo ndi njira amene apongozi ankatchula.

Ndinawafunsa apongozi tili pompo, titakhala pansi kupuma, mkazi wanga ali pakati pathu, n'kuwauza kuti zolembedwazo aliyense adzatha kuziwerenga. Anafuna kumvetsa kaye kuti aliyense amene tikunenayo ndi ndani.

"Aliyense amene ali ndi foni kapena kompyuta, amayi. Wa ku Zomba, wa ku Lilongwe, ngakhale wa kunja kwa dziko lino."

"Aona nyumba ya amayi anga?"

"Aona denga lake. Koma sadziwa kuti ndi ya yani ngati sitinena."

Anayang'ana mbuzi zija. Kenako anati ndege imene inajambulayo sinapemphe munthu, inangodutsa, ndipo zaka zonsezi anthu ena akhala ndi chithunzi cha mudzi wawo m'bokosi eni ake osadziwa. Ngati tsopano chikutuluka, ndi bwino chitulukire onse, a kuno nawonso achione. Za mchere anati alembe, chifukwa ana a masiku ano amayesa mchere unayambira m'sitolo. Mayina a madambo alembe. Mayina a anthu asalembe.

"Nanga pa mitengo paja?" anafunsa mkazi wanga akumwetulira.

"Pamenepo alembe kuti mitengo."

Pobwerera anatiuza kuti tidzaze dothi loyeralo m'thumba limene linali pa njinga. Patapita masiku awiri anatuma mdzukulu wawo wamkazi, mwana wathu woyamba, kuti akagule mphika wadothi kumsika, iwo anauboola pansi ndi msomali. Anatcheza dothilo kuseri kwa nyumba, mkazi wanga ndi mwana wathuyo akuthandiza, ine ndikuonerera chapatali pa kampando kanga, chifukwa chithunzi chitachoka pakati pathu tinabwerera ku makhalidwe athu akale, kungoti tsopano akafuna kundiuza kanthu amandiuza okha. Madziwo anawira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chimene chinatsala m'mphika chinali chodzaza manja awiri, chotuwa, chonyowa pang'ono. Tinathira m'therere. Mwana wathu anati ukuwawa, mkazi wanga anati ukumveka dothi. Apongozi anati sunapse bwino chifukwa nkhuni za masiku ano n'zopanda mphamvu, koma anausunga m'kabotolo, ndipo ankathira m'ndiwo zawo mpaka unatha. Ine ndinaukonda pa mlamba wowamba.

Panapita miyezi ingapo mchemwali wanga asananene kanthu, chifukwa zithunzi zinali zambiri ndipo ankafuna kutulutsa za dera lonse pamodzi. Tsiku lina ananditumizira uthenga kuti nditsegule. Netiweki kunyumba kwathu ndi yovuta, ndinakwera njinga mpaka pamtunda wa kusukulu. Pafoni panabwera mapu a lero, msewu wa ku Kachulu, madenga a malata, minda. Pansi pake panali kamzere kokoka ndi chala. Nditakoka, malata anazimiririka, msewu unasowa, njedza inabwera kudzaphimba minda ya mpunga, mtsinje unasamukira kumene unali kale. Mlambe wokha unakhala pomwepo, osagwedezeka. Ndinakoka kupita uku ndi uku mwina kakhumi. Mchemwali wanga anati mlambe, mwala ndi timitunda tinagwirizana bwino, dzenje la chulu analisiya chifukwa linkakokera chithunzi kumbali.

Ndinaonetsa ana a m'kalasi langa, gulu ndi gulu, pa foni imodzi yomweyo. Aliyense ankafuna kupeza pamene pali nyumba yawo, ndipo ambiri anapeza kuti akugona pamene kale panali dambo. Mtsikana wina anabwera m'mawa mwake n'kunena kuti anganga ake, ndiye kuti agogo ake aakazi, akutsutsa dzina limodzi la dambo, akuti apongozi anga asokoneza ndi lina la kumpoto. Nditakawauza, apongozi anati mayi ameneyo anabwera kuno atakwatiwa kale, sangawaphunzitse. Ndinatumiza mayina onse awiri, mchemwali wanga analemba onse.

Apongozi ndinawaonetsa pomaliza, tsiku limene netiweki inafika mpaka pansi pa mango. Ndinapereka foni kwa mkazi wanga, iye anawagwirira, iwo anakoka kamzereko ndi chala chawo, pang'onopang'ono, kawiri. Sanachite nazo chidwi monga ndinkayembekezera, anati pepala lija linali bwino chifukwa linali lalikulu. Koma anafunsa ngati munthu angakankhe chithunzicho kuti aone kutsogolo. Mkazi wanga anawaonetsa. Anakankha kudutsa njedza, kudutsa madzi, kudutsa Chisi, mpaka tsidya lina la nyanja. Atapitirira pang'ono, chithunzi chakalecho chinathera pamzere wowongoka, kutsogolo kunali mapu a lero okha.

"Chathera pati apa?"

Ndinati chathera chakumalire, ndegeyo inkajambula dziko lino lokha.

Anati makolo awo anachokera kuseri kwa mapiri a tsidya ilo, ku Mozambique, iwo asanabadwe. Mayi awo ankasimba za mudzi umene unali pakati pa mitsinje iwiri, pansi pa phiri lokhala ndi nsonga yong'ambika, koma iwo sanapiteko. Anafunsa ngati kumeneko kunalibe ndege.

Ndinafunsa mchemwali wanga madzulo omwewo. Anati mwina zithunzi zotero zilipo, koma ngati zilipo zili m'mabokosi a dziko lina, ndipo sakudziwa ngati wina wayamba kuzitsegula. Analonjeza kuti afunsa anzake a ntchito ngati yake. Pakadali pano ndinapulintitsa mapu a lero a mbali imeneyo, ooneka kuchokera m'mwamba, papepala lalikulu ngati loyamba lija. Mitsinje iwiri yokumana ilipo malo ambiri, ndipo phiri ukaliona kuchokera pamwamba nsonga yake sidziwika ngati ndi yong'ambika. Tapeza malo atatu amene angakhale amenewo. Apongozi akuti achiwiriwo akufananako ndi zimene ankamva, koma akufuna afunse kaye msuweni wawo wa ku Phalombe, amene anapitako kamodzi kumaliro ali mnyamata.